Munthu akati kulibe Mulungu, timuyankhe kapena timutseke pakamwa?

Nachisale:
Moni nonse pa gulu. Pali nkhani yandikhala pamtima, ndipo ndikupempha kuti tiikambirane mwaulemu, popanda kutukwanana.

Ena mwina munamva za Mubarak Bala wa ku Nigeria. Anabadwira m'banja la Chisilamu ku Kano, koma atakula ananena poyera kuti sakhulupiriranso zoti kuli Mulungu. Mu 2014 achibale ake anakamusiya ku chipatala cha odwala matenda a maganizo poganiza kuti mutu wamusokonekera. Pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri wa bungwe la Humanist Association of Nigeria. Mu Epulo 2020 apolisi anamugwira ku Kaduna chifukwa cha zimene analemba pa Facebook zokhudza Chisilamu, n'kumutengera ku Kano, ndipo panapita miyezi mkazi wake ndi maloya ake osamuona. Mu Epulo 2022 khothi linamugamula zaka 24 za ukaidi. Khothi la apilo linadzazichepetsa kufika pa zaka 5 mu 2024, ndipo pano anatuluka.

Chigamulocho chinandidabwitsa, koma chimene chandisowetsa mtendere kwambiri ndi ndemanga zimene anthu amalemba pansi pa nkhani ngati zimenezi. Wina akuti zaka 24 zinachepa. Wina akuti akanangomupha. Akhristu ndi Asilamu, amene masiku onse timakokanakokana pa za chikhulupiriro, apa timayankhula chinthu chimodzi.

Ine ndine Mkhristu, ndimapemphera, ndipo zimene anthu osakhulupirira amanena za Mulungu wanga zimandipweteka. Koma sindikuona pamene kupweteka kwangako kumandipatsa mphamvu yofuna kuti munthu amangidwe, achotsedwe ntchito kapena amenyedwe. Timakonda kunena kuti timalolerana. Kodi kulolerana kwathuko kumathera pa anthu amene amapempheranso ngati ife?

A Mbewe:
Mayi Nachisale, nkhaniyi mwaiyika ngati munthuyo anamangidwa chifukwa cha zimene zili mumtima mwake. Ayi. Za mumtima palibe amaziona. Vuto ndi pakamwa. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Munthu akafuna kusapemphera, asapemphere, ndani amuletsa? Koma anthu amenewa sakhala chete. Amabwera pamene ife tikulimbikitsana n'kumati Baibulo ndi nthano, pemphero ndi kudzinyenga, opembedza ndi anthu osaganiza. Chimenecho si kufunsa mafunso, ndi chipongwe. Ndipo Salimo 14 linanena kale kuti wonena mumtima mwake kuti kulibe Mulungu ndi chitsiru.

Dalitso:
Ndakhala pa gulu lino nthawi yaitali osayankhapo pa nkhani za chipembedzo, koma lero ndiyankha. Ine ndine mmodzi wa anthu amene mukuwakambawo. Sindikhulupirira Mulungu.

A Mbewe, ndimakulemekezani, koma taonani zimene zangochitika. Mwadandaula kuti ife timakutchani osaganiza, ndipo m'ndime yomweyo mwanditcha chitsiru. Kwa inu zimenezo si chipongwe chifukwa zalembedwa m'Buku lanu. Ine ndimamva mawu otero pa wailesi, m'basi, pa misonkhano, pa maliro a anthu amene ndinkawakonda. Ndimauzidwa kuti ndidzapsa kwamuyaya, kuti ndili ndi ziwanda, kuti munthu ngati ine sangakhulupirike. Sindinapitepo kupolisi, ndipo sindikufuna kuti mlaliki aliyense amangidwe chifukwa cha mawu amenewo. Ndi chikhulupiriro chake, alalikire. Chimene ndikupempha ndi chakuti nanenso ndikati ndikuona kuti mukulakwitsa, muyezo wake ukhale womwewo.

Thoko:
Admin, munthu uyu akufuna chiyani pa gulu lino? Muchotseni. Sitingamangokhala n'kumawerenga mwano.

Admin:
Thoko, Dalitso sanatukwane munthu. Lamulo la gulu limaletsa kutukwana ndi kuopseza, sililetsa kusiyana maganizo. Tipitirize.

Abiti Yusufu:
Ndiyankhule monga Msilamu, popeza nkhani yayambira kwathu. Ndikufuna amene si Asilamu amvetse kaye chinthu chimodzi. Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, kwa ife si munthu wa m'mbiri chabe. Timamukonda kuposa makolo athu. Wina akamunyoza, sitimva ngati watsutsa mfundo, timamva ngati watukwana mayi athu pagulu. Dalitso, achimwene, mukapanda kumvetsa zimenezi simudzamvetsa chifukwa chimene anthu amapsera mtima chonchi.

Koma ndikanena zimenezo ndinenenso izi. Qur'an, pa 4:140, imatiuza kuti tikamva anthu akukana ndi kuchitira chipongwe mawu a Allah, tisakhale nawo pamodzi mpaka atasintha nkhani. Imati tichokepo. Siimati titole miyala. Pa 6:108 imatiletsa ifeyo kutukwana zimene anthu ena amapembedza. Pa 2:256 imati m'chipembedzo mulibe kukakamiza.

Ndiye mu Meyi 2022, ku Sokoto, mtsikana wa pa koleji ya aphunzitsi, Deborah Samuel, anagendedwa n'kuotchedwa ndi ophunzira anzake chifukwa cha mawu amene anatumiza pa gulu la WhatsApp la kalasi yawo. Anali Mkhristu. Amene anamupha ankati akuteteza ulemu wa Mtumiki. Ine tsiku limenelo ndinalira, ndipo ndinachita manyazi. Palibe munthu wosakhulupirira amene anaipitsapo dzina la Chisilamu pamaso pa dziko monga anachitira anyamata amenewo.

A Gondwe:
Abiti Yusufu akhudza pamene ine ndimafuna kugogomeza. Anthu ambiri amaganiza kuti malamulo oletsa kunyoza chipembedzo amakola anthu osakhulupirira okha. Mukayang'ana milandu yake, amene amagwidwa kwambiri ndi opembedza omwe, makamaka amene ali ochepa pamalopo.

Ku Pakistan, gawo 295-C la malamulo awo a milandu limapereka chilango cha imfa kwa wonyoza Mtumiki. Asia Bibi anali mayi wachikhristu wogwira ntchito m'munda. Mu 2009 anakangana ndi amayi anzake chifukwa chomwera madzi m'kapu imene iwo amagwiritsanso ntchito. Mkanganowo unasanduka mlandu wa mwano, ndipo mu 2010 anagamulidwa kuti aphedwe. Anakhala m'ndende mpaka 2018 pamene khothi lalikulu linapeza kuti umboni wake unali wosamveka, ndipo atamasulidwa anachita kuthawira ku Canada. Salman Taseer, bwanamkubwa wa chigawo cha Punjab, yemwe anali Msilamu, anawomberedwa ndi womulondera wake mu Januwale 2011 chifukwa choikira kumbuyo mayiyu. Patangotha miyezi iwiri anthu ena anaphanso Shahbaz Bhatti, nduna yoona za zipembedzo zochepa, Mkatolika.

Chifukwa chake n'chosavuta kuona. Chikhulupiriro chilichonse chimakana chinzake. Mkhristu akati Yesu ndi Mwana wa Mulungu, wanena chimene Msilamu amachiona ngati tchimo lalikulu. Msilamu akati Yesu sanapachikidwe, wagwetsa maziko onse a Chikhristu. Mukapanga lamulo lakuti wokhumudwitsa opembedza amangidwe, ndiye kuti amene ali ambiri m'deralo ndi amene adzasankha womangidwa. A Mbewe, lamulo limene mukuganiza kuti lingakutetezeni kwa Dalitso, dera lina ndi lomwelo limene lingakumangeni inuyo mutagwira Baibulo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

A Mbewe:
A Gondwe, ndamva, ndipo za mayi wa ku Pakistan uja tinamupemphererapo. Koma musajambule chithunzi chakuti opembedza ndi amene amazunza, osapembedza n'kukhala nkhosa. Osakhulupirira atagwira boma anachita zotani? Ku Soviet Union anatseka matchalitchi, anapha ansembe, ndipo mu 1931 anaphulitsa tchalitchi chachikulu cha Khristu Mpulumutsi mu Moscow. Ku Albania, mu 1967, boma la Enver Hoxha linatseka nyumba zopemphereramo zoposa 2,000, matchalitchi ndi mizikiti yomwe, ndipo kupemphera kunasanduka mlandu. Ndiye tikamaona anthuwa akuyamba ndi kutinyoza, timadziwa komwe njirayo inakathera kale.

Dalitso:
Zimenezo ndi zoona, a Mbewe, ndipo ndi zonyansa. Sindingazikane kapena kuzichepetsa. Munthu wotsekera mnzake m'ndende chifukwa chopemphera ndi mdani wanga chimodzimodzi ngati wotsekera mnzake chifukwa chosapemphera. Koma ine ndilibe asilikali, ndili ndi foni basi. Mubarak Bala anali ndi foni. Avijit Roy wa ku Bangladesh anali wolemba, ndipo anamutema ndi zikwanje mu Febuluwale 2015 akuchokera ku chionetsero cha mabuku ku Dhaka, mkazi wake ali pambali pake, nayenso n'kuvulazidwa. Chaka chomwecho anaphanso olemba anzake atatu mwa njira yomweyo. Anthu amenewa sanatseke mzikiti uliwonse.

Nachisale:
A Mbewe, chitsanzo chanu cha Albania ine chikundilimbikitsa pa mfundo yanga. Chimene chinalakwika kumeneko n'chakuti gulu limodzi linaona kuti maganizo a anzawo ndi oopsa kwambiri moti sayenera kumveka, n'kutenga mphamvu za boma kuwatsekera pakamwa. Ifenso tikamati wosakhulupirira amangidwe tikuchita zomwezo, kungoti amene wagwira ndodo wasintha.

Ndipo ife Akhristu tili ndi chifukwa chapadera choopera zimenezi. Akhristu oyambirira ankaphedwa mu ufumu wa Roma pa mlandu wokana milungu ya dzikolo ndi kukana kufukiza lubani kwa mfumu. Kwa anansi awo iwo ndi amene anali amwano, obweretsa tsoka pa mzinda. Ambuye Yesu mwini, pamaso pa mkulu wa ansembe, mlandu wake unali wa mwano. Stefano anagendedwa pa mlandu womwewo.

Thoko:
[Uthenga uwu wachotsedwa ndi Admin]

Admin:
Thoko, ndachotsa zimene unalemba. Kunena kuti ukudziwa komwe munthu amagwira ntchito ndipo ukauza abwana ake ndi kuopseza. Ukabwereza ndikuchotsa pa gulu. Ngati uli ndi yankho pa mfundo zake, lemba, likhala.

Dalitso:
Zikomo Admin. Ndinaziwerenga zisanachotsedwe, ndipo si zachilendo kwa ine. Ndikuuzeni momwe zimakhalira, chifukwa ambiri mumaganiza kuti chizunzo ndi ndende yokha.

Tsiku lina ndinalemba pa tsamba langa kuti munthu amene ali pa mankhwala asawasiye chifukwa chakuti wina wamuuza kuti wachiritsidwa ndi pemphero, ndipo ndinaonjezera kuti ine sindikhulupirira za machiritso otero. Wachibale wina anajambula zimene ndinalembazo n'kutumiza pa gulu la banja. Mayi anga sanakalipe. Anandiimbira foni usiku, kwa kanthawi osayankhula, ndikungomva akupuma. Kenako anandifunsa kuti, kodi ndinakulakwira chiyani mwana wanga? Funso limenelo linandipweteka kuposa matemberero onse amene anali m'ndemanga. Kuntchito, anzanga amene tinkakhalira limodzi pa nthawi yopuma anayamba kudzuka ine ndikafika. Msonkhano ukamayamba, wotsogolera ankandiyang'ana dala n'kunena kuti Dalitso atitsegulira ndi pemphero, anthu n'kuseka. Palibe anandimenya. Koma ndinaphunzira kukhala chete, ndipo ndikudziwa anthu angapo amene amapita ku mapemphero sabata iliyonse asakukhulupirira kanthu, kungoopa kutaya banja kapena ntchito. A Mbewe, mpingo wodzaza ndi anthu amene akhala chifukwa cha mantha, kodi ndi umene mukufuna?

A Mbewe:
Ayi, sindifuna zimenezo. Ndipo za kusiyitsa anthu mankhwala ifenso timadzudzula, chifukwa tinaikapo anthu m'manda amene ananyengedwa ndi aneneri onyenga. Pamenepo sindikutsutsani. Koma bwanji osalekera pomwepo? Mukanangoti anthu amwe mankhwala, tonse tikanakuomberani m'manja. Inu mumapitirira n'kuti Mulungu sachiritsa. Pamenepo ndi pamene mumatibaya.

Dalitso:
Chifukwa ndi zimene ndimakhulupirira, bambo. Inu mukamalalikira simulekera pa kunena kuti anthu azikondana, mumapitirira n'kuti popanda Yesu palibe chipulumutso, ngakhale mukudziwa kuti Abiti Yusufu akumva. Ndipo muyenera kutero ngati ndi zimene mumakhulupirira. Kundiuza kuti ndinene theka la zimene ndimaganiza, theka limene inu mukugwirizana nalo, ndi chimodzimodzi kundiuza kuti ndikhale chete.

A Gondwe:
Mundilole ndibweretse mbiri pang'ono, chifukwa kulolerana kumene kumasiya osakhulupirira panja ndi kwakale. John Locke wa ku England, amene ambiri amamutenga ngati mmodzi wa oyambitsa ganizo la kulolerana pa chipembedzo, m'kalata yake ya mu 1689 anati boma lisakakamize munthu pa za chikhulupiriro. Koma m'kalata yomweyo anati okana Mulungu asaloledwe, chifukwa malonjezo ndi malumbiro sizingawagwire. Patangopita zaka 8, mu 1697, wophunzira wa zaka 20, Thomas Aikenhead, ananyongedwa ku Edinburgh chifukwa cha zimene ankayankhula ndi anzake zotsutsa Baibulo. Amene anamuchitira umboni anali anzake omwewo.

Nkhani imene ine imandikhudza kwambiri ndi ya Charles Bradlaugh. Mu 1880 anthu a ku Northampton, ku England, anamusankha kukhala phungu wawo, akudziwa bwino lomwe kuti sakhulupirira Mulungu. Atafika ku Nyumba ya Malamulo anapempha kuti angolonjeza mwaulemu m'malo molumbira pa Baibulo. Anamukaniza. Anati chabwino, ndilumbira monga aliyense. Anamukanizanso, amvekere lumbiro la munthu ngati iye lilibe tanthauzo. Atakana kutuluka anamutsekera usiku umodzi m'chipinda cha munsanja ya wotchi ya Nyumbayo. Mpando wake ankaulanda, chisankho n'kuchitikanso, anthu a ku Northampton n'kumusankhanso yemweyo, mobwerezabwereza. Ambiri mwa omuvoterawo anali anthu opita ku tchalitchi. Sankagwirizana naye pa za Mulungu, koma ankadziwa kuti phungu wawo amasankha ndi iwo. Anadzaloledwa kukhala pampando mu 1886, ndipo mu 1888 lamulo linasinthidwa kuti aliyense wofuna athe kulonjeza popanda kulumbira. Lamulo limenelo linathandizanso opembedza amene chikumbumtima chawo chimawaletsa kulumbira.

Pa malamulo a lero: pangano la mayiko la 1966 lokhudza ufulu wa anthu pa ndale ndi umzika, gawo 18, limateteza ufulu wa maganizo, chikumbumtima ndi chipembedzo. Komiti ya United Nations yoyang'anira panganoli inafotokoza mu 1993 kuti gawoli limateteza okhulupirira Mulungu ndi osakhulupirira omwe. Mu 2011 komiti yomweyo inati malamulo oletsa mwano kapena kusalemekeza chipembedzo sagwirizana ndi panganoli. Chimene gawo 20 limaletsa ndi kufalitsa chidani chimene chikumema anthu kuti asale, adane kapena achite chiwawa kwa anzawo. Choncho ufulu ndi wa munthu, osati wa mfundo. Ukati chiphunzitso chakutichakuti ndi chabodza, sunaphwanye lamulo. Ukati anthu okhulupirira zimenezo athamangitsidwe, waphwanya.

Nabanda:
Ana anga, ine ndakalamba, za malamulozi sindizitsata kwenikweni. Koma mdzukulu wanga wina ali ngati Dalitsoyu. Bambo ake anafuna kumuthamangitsa pakhomo, ine ndinakana. Mukamuthamangitsa, amene adzamuuze za Mulungu ndani? Ndimamupempherera, amandiperekeza kuchipatala, timacheza. Thoko mwana wanga, mkwiyo wakowo sunatembenuzepo munthu.

A Mbewe:
Zikomo agogo. Koma a Gondwe, ndiye mukuti ife tizingokhala manja lende anthu akutinyoza?

A Gondwe:
Ayi bambo. Kukwiya, kuyankha mwamphamvu, kulemba zotsutsa, kukana kugula nyuzipepala imene yakunyozani, zonsezo ndi ufulu wanunso. Wosakhulupirira amene amati aliyense womuyankha akumuzunza nayenso akulakwitsa. Mu Januwale 2009 gulu la osakhulupirira linalipira kuti mabasi a ku London ndi mizinda ina anyamule uthenga wonena kuti mwina kulibe Mulungu. Anthu anadandaula ku bungwe loyang'anira zotsatsa malonda, koma bungwelo linati uthengawo sunaphwanye malamulo. Dalaivala wina wachikhristu ku Southampton anakana kuyendetsa basi yotero, ndipo kampani yake inayesetsa kumamupatsa mabasi ena. Kenako magulu achikhristu analipira mabasi awoawo onena kuti Mulungu alipo ndithu. Mabasi a mbali zonse anayenda mumsewu, palibe anamangidwa, palibe anafa.

Yerekezani ndi za ku Kenya. Bungwe la Atheists in Kenya linalembetsedwa ndi boma mu Febuluwale 2016. Atsogoleri a mipingo atadandaula, boma linayimitsa kulembetsako patangopita miyezi iwiri. Zinatengera khothi lalikulu, mu 2018, kunena kuti kuyimitsako kunali kosatsata malamulo. Apo anthu sanayankhe mfundo, anathamangira ku boma kuti bungwelo lisakhalepo n'komwe.

Ku Ireland kunali lamulo la 2009 loti wochita mwano alipire chindapusa chofika ma euro 25,000. Mu 2017 apolisi anafufuza Stephen Fry, katswiri wa zisudzo wa ku Britain, chifukwa cha zimene ananena pa kanema wa RTÉ mu 2015, pomwe anafunsa kuti Mulungu wachikondi angalole bwanji ana kudwala khansa ya m'mafupa. Mlanduwo unathera panjira, ndipo mu Okutobala 2018 anthu pafupifupi 65 mwa 100 alionse amene anavota anasankha kuchotsa mwano m'malamulo aakulu a dzikolo. Ndi dziko limene anthu ambiri amadzitcha Akatolika.

Nachisale:
Funso la Fry lija, ine sindiliona ngati mwano. Yobu anafunsa mafunso oopsa kuposa pamenepo, ndipo amene Mulungu anawakwiyira pomaliza ndi anzake aja amene ankayesa kumutsekera pakamwa pomuikira Mulungu kumbuyo. A Mbewe, inu mumawadziwa Malemba kuposa ine. Pa Oweruza 6, Gideoni atagwetsa guwa la Baala, anthu a mumzinda anafuna kumupha. Bambo ake anawauza kuti ngati Baala ndi mulungu, adzitetezere yekha. Mawu amenewo timawakonda chifukwa akunena za Baala. Nanga ife tikamachita ngati Mulungu wamoyo akufunika apolisi ndi gulu la anyamata okwiya kuti ulemu wake usagwe, tikunena chiyani za Iye? Pa Luka 9, Yakobo ndi Yohane anafuna kuitanitsa moto pa mudzi wa Asamariya umene unakana kulandira Yesu. Iye anawadzudzula, n'kupita mudzi wina. Ndipo 1 Petro 3:15 imati tikhale okonzeka kuyankha wotifunsa za chiyembekezo chathu, mofatsa ndi mwaulemu. Kuyankha kumafuna kuti wofunsayo akhale ndi moyo komanso kuti aloledwe kufunsa.

A Mbewe:
Mayi, pa Malembawo ndilibe choti ndikutsutseni. Ndende ndi chiwawa, ayi, sindingavomereze. Koma pa chipongwe sindisuntha. Munthu akabwera pamene mayi woferedwa walemba kuti mwana wake ali m'manja mwa Mulungu, n'kuyankha kuti kulibe kumwamba, ameneyo si wofuna choonadi, ndi wankhanza. Ndidzamudzudzula pagulu, ndipo ngati tsambalo ndi langa ndidzamuchotsa.

Dalitso:
Ameneyo nanenso ndingamudzudzule, ndipo tsamba lanu ndi lanu. Ndaonapo anzanga akuchita zimenezo ndipo ndinawauza kuti ndi khalidwe loipa. Kukhala ndi ufulu wonena chinthu sikutanthauza kuti nthawi iliyonse ndi yoyenera.

Abiti Yusufu:
Ndiye ndikufunseni nonse awiri, a Gondwe ndi achimwene Dalitso. Zitsanzo zanu zambiri ndi za malo amene opembedza ali ndi mphamvu ndipo wotsutsa ali yekha. Nanga kumene zinthu zili mozondoka? Mu 2023 anthu ankaotcha Qur'an poyera ku Sweden ndi ku Denmark, wina anachita zimenezo kutsogolo kwa mzikiti ku Stockholm pa tsiku la Eid, apolisi atamuzungulira kumuteteza. Asilamu kumeneko ndi ochepa, ambiri ndi obwera, amasalidwa kale pofuna ntchito ndi nyumba. Woyatsa buku pakhomo pa nyumba yawo yopemphereramo akutsutsa mfundo iti? Sanatchule ndime, sanafunse funso. Uthenga wake ndi wakuti simukufunika kuno. Dziko la Denmark linachotsa lamulo la mwano mu 2017, koma mu Disembala 2023 linakhazikitsa lamulo latsopano loletsa kuchitira zosayenera poyera mabuku opatulika, chilango chake mpaka zaka ziwiri. Ine ndikuona kuti anachita bwino.

A Gondwe:
Funso lanu ndi lolemera, mayi. Ndikuvomereza kuti kuyatsa buku pakhomo pa mzikiti kumatha kukhala kuopseza anthu, ndipo pamenepo malamulo oletsa kumema chidani akhoza kugwira ntchito. Ndondomeko ya Rabat ya 2012, imene inakonzedwa motsogozedwa ndi United Nations, imati poweruza mawu otero tiziona momwe zinthu zilili m'deralo, woyankhulayo ndi ndani, cholinga chake, zimene wanena ndi mmene wazinenera, zafika kwa anthu angati, komanso ngati zingabweretsedi chiwawa. Muyezo umenewo umateteza anthu. Koma lamulo la Denmark limateteza bukulo. Mtsikana amene wathawa kwawo atakakamizidwa ukwati m'dzina la chipembedzo, akang'amba buku poyera posonyeza kupweteka kwake, lamulolo limamugwira chimodzimodzi ndi wachidani uja. Komanso linabwera pambuyo poti ofesi ya kazembe wa Sweden ku Baghdad yaotchedwa ndiponso mayiko ena atakakamiza. Zimenezo zimaphunzitsa anthu kuti ukafuna lamulo lisinthe, yatsa moto. Ndipo munthu uja wa ku Stockholm, Salwan Momika, anawomberedwa n'kufa mu Januwale 2025, khothi lisanapereke chigamulo pa mlandu wake wa kumema chidani.

Abiti Yusufu:
Kuphedwa kwake ndikukana ndi mtima wonse, khothi likanaloledwa kumaliza ntchito yake. Koma pa lamulolo sitigwirizana, a Gondwe. Inu mukulekanitsa buku ndi anthu ngati ndi zinthu ziwiri. Mwana wa zaka 8 amene akutuluka mu mzikiti atagwira dzanja la bambo ake, n'kuona utsi ndi apolisi atazungulira woyatsayo, sangalekanitse zimenezo. Dalitso alembe, atsutse, anene kuti Qur'an inalembedwa ndi anthu, ndidzamuyankha ndipo ndidzakana aliyense wofuna kumugwira. Koma moto si mfundo, ndipo sindingauyankhe ndi ndime. Mtsikana mwamutchulayo mlandu wake woweruza akhoza kuuona payekha. Wobwera ndi machesi pakhomo pa anthu opemphera ndiye amene ine ndikumukamba.